Kopolo Gwape ndi Wonga wa Makala

Padangokhala, ndipo inu mukhale nane, masiku amene nyama zinali ndi asilikali awoawo. Mkulu wa asilikaliwo anali Kapitawo Njati, ndipo pansi pake panali Kopolo Gwape. Mfuti inalipo imodzi yokha, gogodela wakale amene mlenje wina anataya pothawa njuchi. Woinyamula anali Gwape, osati chifukwa cholimba mtima ayi, koma chifukwa chiboda cha Njati sichinkalowa m'kamphete momwe muli kachitsulo kokoka kuti mfuti ilire. Wosunga wonga anali Likongwe, msuweni wake wa Gwape.

Chaka chimenecho kunagwa chilala. Madzi anatsala pa dziwe limodzi lokha, ndipo m'dziwemo munali Ng'ona. Ng'onayo anaika lamulo lakuti mwezi ukaoneka, nyumba imodzi izibweretsa mwana, ikapanda kutero palibe womwa madzi.

Kawiri konse Njati analamula Gwape kuti amuwombere. Koma Ng'ona safa pokhapokha chipolopolo chitalowa m'diso. Ulendo woyamba chipolopolo chinagwa m'madzi, mwana wa Mbawala n'kupita. Ulendo wachiwiri chinathothola nkhuyu mumtengo, mwana wa Nungu n'kupita. Tsopano kunatsala masiku anayi kuti mwezi uonekenso, ndipo nyumba yotsatira inali ya Gwape mwini wake. Iye anali ndi mwana mmodzi yekha, dzina lake Tinyade, amene anali atangosiya kuyamwa.

Njati anaitana awiriwo.

"Kopolo, masiku atatu awa uziwombera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Iwe Likongwe, umupatse wonga wonse umene akufuna."

"Wonse, bwana?"

"Wagontha?"

"Ayi, bwana. Wonga ulipo wambiri, bwana."

Linali bodza. Dzulo lake Likongwe anaona kuti wonga wachita chinyontho, ndiye anauyanika pa lichero monga amachitira amayi ndi ufa, iye n'kupita kukafuna mazira a nkhanga. Pobwera anapeza kamvuluvulu atadutsa, lichero lili gada. Anatokosa m'mipata ya licherolo ndi kaudzu, napeza wonga wongokwana kuwombera kamodzi. Anaumanga m'kansalu, naubisa.

"Njati akadziwa, andiponda mpaka ndisanduke mphasa," anatero yekha.

Choncho anazemba n'kulowa m'khitchini mwa mkazi wa Gwape, natenga makala, nawasinja mpaka kusalala, nadzaza nyanga yosungiramo wonga.

Tsiku loyamba anaika chipanda pa chulu, nachijambula diso ndi phulusa. Anathira makala aja mumfuti, chipolopolo n'kuchibisa m'tsaya, nagogoda ndi ndodo ngati katswiri. Gwape analunjika, nakoka kachitsulo. Kanyundo ka mfuti kanangoti tcha! Mfuti zii. Koma Gwape anali atadumpha kale, maso atatsinzina, makutu atagona, mpope wa mfuti utaloza kumwamba.

"Ndalasa?" anafunsa asanatsegule maso.

"Mwalasa mtambo, msuweni. Mawa mvula igwa, tonse tipulumuka."

Gwape anatsegula maso, nayang'ana mfuti. "Sinalire! Iwe, waikamo chiyani?"

Lilime la Likongwe silinachedwe.

"Mulibe choyaka. Ndachita dala."

"Dala? Mwana wanga watsala ndi masiku owerengeka, iwe ukusewera?"

"Ndiyankheni kaye. Mfuti yalira?"

"Ayi."

"Yakumenyani paphewa?"

"Ayi."

"Nanga mwadumpha chiyani?"

Gwape anayang'ana pamene anaima poyamba ndi pamene anali tsopano, naona kuti mpata wake ndi waukulu ndithu.

"Ine ndimati mfutiyi ndi yokhota," anatero motsitsa mawu.

Likongwe ataona kuti bodza lake lagwira nthaka, anayamba kulithirira.

"Mfuti yanu imalira kawiri, msuweni. Imayamba kulira m'mutu mwanu, kenako ilira paphewa. Ikamalira paphewapo, inu mwathawa kale, ndipo chipolopolo chimangotsatira mwini wake. Kuyambira tsopano ndiziikonzera kuseri kwa chulu. Mwina ndiikamo wonga, mwina ayi, inu musadziwe. Ntchito yanu ndi kukoka pang'onopang'ono, maso ali tong'o, mpaka ikudzidzimutseni yokha."

Pofuna kuchedwetsa zinthu kuti asafunsidwe zambiri, Likongwe anapeka nyimbo pomwepo. Inali nyimbo yoyenda mwaulesi, ngati ya munthu wosinja atatopa. Inkanena za mpweya kuti ndi mlendo wofunika kumulandira, kumupatsa mpando, ndi kumuperekeza mpaka pakati pa njira, ndipo pamenepo chiboda chiyende ngati nkhono. Gwape anayamba kupuma motsatira nyimboyo. Anakoka, tcha, nadumpha. Anakokanso, tcha, nadumphanso. Pofika madzulo miyendo inaleka kudumpha, koma maso ankatsinzinabe.

Tsiku lachiwiri Likongwe anati, "Mubwere ndi mtedza wa alamu anga, amake Tinyade."

"Mtedza wa chiyani?"

"Ndi wa maphunziro. Musafunse."

Anatenga njere imodzi naikhazika kumapeto kwa mpope wa mfuti.

"Kokani. Ikagwa ndi yanga."

Anayimba nyimbo ya mlendo ija, Gwape nakoka. Njere inagwa, Likongwe naitola. Anaika ina, inagwa. Dzuwa likufika pamutu, mimba ya Likongwe inali ndendende, thumba la mtedza litaphwa.

"Iwe, maphunziro akewa akunenepetsa mphunzitsi yekha," anatero Gwape.

"Mphunzitsi wanjala saona bwino. Koma tandiuzani, mukamakoka mumaganiza chiyani?"

Gwape anatsitsa mfuti.

"Tinyade."

"Basi?"

"Ndi mwana wa Mbawala. Ndi wa Nungu. Amake a mwana wa Nunguyo sandipatsanso moni. Ndikamalunjika ndimawaona ataima patsogolo panga."

"Onsewo mwawakweza pa mfuti imodzi? Ndiye ilekerenji kugwedera? Atsitseni, akhale kumbuyo kwanu. Kutsogolo kukhale kansonga ka mfuti ndi diso basi."

"Iwe ulibe mwana, Likongwe. Bambo angachotse bwanji mwana wake m'mutu?"

Likongwe anasiya kutafuna. Funsolo linamuvuta, ndipo kwa nthawi yoyamba anaganiza asanayankhe.

"Tinyade anabayidwapo ndi minga?"

"Kambirimbiri."

"Amamuzula ndani?"

"Ine. Amake amachita mantha."

"Pomuzula mumayang'ana nkhope yake kapena mingayo?"

"Minga."

"Iye akulira?"

"Akulira, akuitana dzina langa."

"Mumanjenjemera?"

"Ayi. Ndikanjenjemera minga ithyokera momwemo."

"Ndiye nthawi imeneyo mumakhala mutamuiwala mwanayo?"

Gwape ananyamula mfuti, nauza Likongwe kuti aike njere ina. Nyimbo inayamba, mlendo analandiridwa, anaperekezedwa, nkhono inayenda. Tcha! Njere inangogwedera pang'ono n'kukhala pomwepo. Anakokanso kasanu, njere osagwa.

"Basi zakwana," anatero Likongwe. "Mukapitiriza chonchi ine ndifa ndi njala."

Tsiku lachitatu Likongwe anakhazika Gwape pansi.

"Tsinzinani. Ndiuzeni za mawa, kuyambira pakhomo panu."

"Ndidzuka. Titenga Tinyade. Tifika padziwe. Ng'ona avuuka, ndiwombera, afa."

"Imeneyo ndi nthano yogonekera ana. Ng'ona akavuuka atakufulatirani, diso lili uko?"

"Ndidikira."

"Akamira?"

"Ndidikirabe."

"Alamu akakuwa?"

Gwape anatsegula maso.

"Tsinzinani! Alamu akukuwa, akugubuduzika pansi. Mutani?"

"Ndipuma," anatero Gwape.

"Bwana Njati akati womba?"

"Lamulo ndi lamulo."

"Diso la Ng'ona limamva lamulo la Njati?"

"Ayi."

"Ndiye muwombera liti?"

"Ndikaona diso."

Anabwereza ulendo wa m'mutuwo kambirimbiri, Likongwe akuwonjezeramo zovuta zatsopano: ntchentche yotera pamphuno, dzuwa lothobwa m'maso, Tinyade woyamba kulira. Poyamba Gwape ankatuluka thukuta asanafike n'komwe padziwe. Pambuyo pake ankafika, kugona pansi, kulunjika, mpweya wake osasintha.

Atatero Likongwe anaika njere pa mfuti, nakabisala kuseri kwa chipanda, nakulitsa mawu ngati Ng'ona.

"Akopolo othyola nkhuyu! Mwana wa Nungu anandibaya m'kamwa. Wanuyu ndiye wofewa, ndameza kale malovu!"

Njere inagwa. Gwape anataya mfuti, nathamangira Likongwe, namupanikiza pansi.

"Ubwerezenso!"

"Msuweni, pepani, ndikufa! Koma Ng'ona adzanena zoposa apa, ndipo iye simudzamupanikiza."

Gwape anamusiya. Anaima kanthawi akupuma mwawefuwefu, kenako anatola mfuti.

"Nena zonse," anatero.

Likongwe ananena zonse, zina zosayenera kuzibwereza pamaso pa ana. Anaponya timiyala, anakuwa, anauzira mpweya m'khutu mwa Gwape. Nyimbo ija sanayimbe, koma ankaona milomo ya Gwape ikuyenda nayo mwakachetechete. Tcha! Njere ili pomwepo. Tcha! Ili pomwepo.

Ali mkati motero, Njati anatulukira.

"Masiku atatu sindinamve mfuti! Mukulima mtedza kuno?"

"Bwana," anatero Likongwe, "Ng'ona ali ndi makutu. Akamva mfuti ikulira tsiku ndi tsiku, adziwa kuti takonzeka, ndipo mawa saonetsa mutu. Angokokera mwana pansi."

"Zamveka. Koma wombani kamodzi ndione."

Likongwe anatsegula pakamwa, bodza osapezeka. Amene anayankha anali Gwape.

"Bwana, ndapota nanu, musandiwombetse lero. Wotaya mwana mawa ndine. Ndiloleni ndikonzekere m'njira imene ndayamba."

Njati anafwenthera, nabwerera.

Tsiku lachinayi m'mawa, Likongwe anakhuthula makala mumfuti, naipukuta bwino, namasula kansalu kaja. Anathira wonga weniweni mosamala, naika chiguduli ndi chipolopolo, nagogoda. Popereka mfutiyo sanathe kuyang'ana Gwape kumaso.

"Msuweni, ndili ndi mawu."

"Nena."

"Wonga ndi womwewu. Wachiwiri palibe. Wonse unapita ndi kamvuluvulu ine ndili ku mazira. Masiku onsewa mumawombera makala."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Amake Tinyade akhala akufunafuna makala awo masiku onsewa. Ndipo iwe zikhadabo zako zili bii."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndikanakuneneza kwa Njati, wongawo ukanabwerera? Wonga unali wabodza, Likongwe, koma kudumpha kuja kunali koona, ndipo kunali kwanga. Tiye."

Nyama zonse zinasonkhana padziwe, zitaima patali. Ng'ona sankaonekera pokhapokha mwana ataima m'mphepete mwa madzi, choncho Gwape anamutengera Tinyade pomwepo, nagwada kuti afanane naye msinkhu.

"Uime apa, mayi. Uziyang'ana kwa amayi ako, osati kumadzi."

"Inu mukhala kuti, bambo?"

"Pamwala apo. Ndikhala ndikukuona."

"Muchedwa?"

"Mwina pang'ono. Ukaona ndikuchedwa, usaganize kuti ndachoka."

Anapita pamwala paja, nagona chafufumimba, natsamiritsa mfuti.

Ng'ona naye anali ndi nzeru zake. Ankadziwa kuti gogodela akalira kamodzi amatenga nthawi kuti amukonzenso. Choncho ankayamba waputa msilikali kuti awombere msanga, chipolopolo chikatayika iye n'kutuluka mosatekeseka. Anavuuka patali, atafulatira.

"Akopolo, mwabweranso kudzathyola nkhuyu? Lero mundithyolere zakupsa!"

"Womba!" anakuwa Njati.

Gwape sanasunthe. Ng'ona anamira.

Anavuukanso chapafupi, akupukusa mutu uku ndi uku.

"Kamwana konenepa bwanji! Mwakadyetsa bwino, zikomo kwambiri."

"Wombani! Wombani!" zinakuwa nyama zonse. Amake Tinyade anadzigwetsa pansi akuitana mwamuna wawo. Njati anapalasa fumbi. "Kopolo, ndati womba!" Likongwe anatsegula pakamwa kuti ayimbe nyimbo ija, koma mawu sanatuluke. Gwape anamva zonsezo ngati phokoso la mudzi wina. Diso linkaoneka n'kubisika, kuoneka n'kubisika. Iye anakoka mpweya, nautulutsa, nadikira. Ng'ona anamiranso.

Madzi anakhala bata. Tinyade anayamba kulira chapansipansi, koma sanatembenuke.

Pansi pa madzi Ng'ona anadabwa. Masiku ena onse mfuti inkalira iye asanamalize n'kutukwana komwe. Lero bwanji? Kapena Kopolo wathawa? Kapena wakomoka ndi mantha? Anavuuka kachitatu pafupi penipeni ndi mwana, naimika mutu, natembenuzira diso kumwala kuti aone bwino.

Gwape anaona kansonga ka mfuti, ndi kutsogolo kwake diso lachikasu lili phee. Anatulutsa mpweya mpaka theka, chiboda chinayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo iye sanachifulumize.

Phuu!

Mfuti inamudzidzimutsa. Kwa nthawi yoyamba chiyambire usilikali wake, anaona utsi ukutuluka, ndipo kupyola utsiwo anaona diso lija likuzima. Ng'ona anamenya madzi ndi mchira kawiri, nagadama.

Nyama zinalulutira, zina n'kuthamangira kukamwa madzi. Njati anafuula, "Kuyambira lero ndiwe Sajeni! Likongwe, thira wonga tiwombe m'mwamba katatu, dziko lonse limve!"

"Ndikautenge, bwana," anatero Likongwe. Analowa m'tchire ali liwiro, ndipo mpaka lero sanabwere nawo.

Gwape za usajeni sanazimve. Anayesa kudzuka, miyendo inakana. Thupi lonse linayamba kunjenjemera, mano akugundana, misozi ikutsika yokha. Tinyade anathamanga nafika pamwala paja.

"Bambo, mukumva kuzizira?"

"Ayi, mayi."

"Nanga mukunjenjemera bwanji? Ng'ona uja wafa."

"N'chifukwa chake. Tsopano ndili nawo mpata."

Mwanayo sanamvetse, koma anagona pambali pa bambo wake, natsamiritsa mutu pakhosi pawo. Amake anafika nakhala mbali inayo. Anadikira mpaka kunjenjemera kutatha.

"Bambo," anatero Tinyade, "ndili ndi ludzu."

Gwape anadzuka, nasiya mfuti pamwala pomwepo, natsikira naye kumadzi. Anaima pambali pake, mwana akumwa mosafulumira mpaka kukhuta.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione, ingapserere.